Mamailosi a ndege: kulembetsa kuti ngati ulendo wanu umayambira ku Mzuzu?

Pafupifupi kampani iliyonse yayikulu ya ndege ili ndi ndondomeko yopatsa mphoto anthu amene amakwera ndege zake kawirikawiri. Mumalembetsa kwaulere, amakupatsani nambala, ndipo ulendo uliwonse umene mwayenda amakuwerengerani mamailosi. Akachuluka mumatha kuwasinthanitsa ndi tikiti, mpando wakutsogolo kapena makilo owonjezera a katundu. Zimenezi zinayamba kufala mu 1981 pamene American Airlines inakhazikitsa AAdvantage, ndipo lero Ethiopian Airlines ili ndi ShebaMiles, Kenya Airways ili ndi Asante Rewards, Airlink ili ndi Skybucks, South African Airways ili ndi Voyager, Emirates ili ndi Skywards, Qatar Airways ili ndi Privilege Club.

Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti pa nkhaniyi analembedwera munthu wa ku London kapena ku Atlanta, amene ali ndi makampani makumi angapo pabwalo la ndege la kwawo, ndiponso makhadi a banki amene amamupatsa mamailosi akagula buledi. Wa ku Katoto, Chibanja kapena Luwinga sali m'dziko limenelo. Bwalo la ndege la mumzinda muno ndi laling'ono, ndege zopita kunja sizinyamukirapo. Ulendo wathu wa pandege umayamba ndi basi pa M1, makilomita oposa 300 kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu ndi Mponela mpaka ku Lumbadzi, kumene kuli bwalo la Kamuzu. Ndipo mukafika pabwalopo, makampani amene mungasankhe ndi owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Funso la ndondomeko yabwino kuposa zonse padziko lapansi silikutikhudza. Lathu ndi lakuti: pa ndege zimene zimatera ku Lumbadzi, ndi iti imene ndidzakwere kawirikawiri pa zaka zitatu zikubwerazi?

Tisanafike pa mayina, pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, ndipo kusokoneza kwake ndi kumene kumakhumudwitsa ambiri. M'ndondomeko zambiri muli mamailosi a mitundu iwiri. Ena ndi ogulira mphoto, amene mumasunga n'kuwagwiritsa ntchito ngati ndalama. Ena ndi owerengera mlingo wanu, ndipo awa sagulira kanthu; ntchito yawo ndi kuonetsa kuti mwayenda motani m'chaka, kuti akukwezeni kuchoka pa membala wamba kufika pa Silver, Gold kapena Platinum. A mlingowa amayambiranso pa ziro chaka chikatha. Munthu atha kukhala ndi mamailosi ambiri ogulira mphoto amene wasonkhanitsa kwa zaka zinayi koma akadali membala wamba, chifukwa sanayendepo mokwanira m'chaka chimodzi.

Chachiwiri ndi mawerengedwe ake. Makampani ena amawerengera kutalika kwa ulendo, ena amawerengera ndalama zimene mwalipira. Flying Blue, ya Air France ndi KLM, imapereka mamailosi 4 pa yuro iliyonse kwa membala wamba amene wagula tikiti ya makampani awiriwa. United ya ku America nayo imawerengera madola amene mwalipira. Amene amawerengera kutalika nawo sapereka zonse kwa aliyense. Pa tikiti yanu pali chilembo chimodzi, monga Y, M, Q kapena T, chimene chimasonyeza mtengo umene munagulira mpandowo. Anthu awiri okhala moyandikana kumbuyo kwa ndege, kudya mpunga wofanana, atha kulandira mamailosi osiyana kwambiri: wina onse, wina theka, wina gawo limodzi mwa magawo anayi, wina osalandira kalikonse chifukwa tikiti yake inali ya pulomoshoni kapena ya gulu. Ejenti amene amakugulitsani tikiti amachidziwa chilembocho. Mufunseni musanalipire.

Tsopano tiyeni ku Lumbadzi.

Ethiopian Airlines ndiyo imanyamula Amalawi ambiri opita kutali. Imatera ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe, ndipo ku Addis Ababa mumasinthira ndege zopita ku Guangzhou, Dubai, Mumbai, London, Washington ndi mizinda yambiri ya mu Africa. Ili mu mgwirizano wa Star Alliance kuyambira mu 2011. Mgwirizanowu, umene unakhazikitsidwa mu 1997, ulinso ndi Lufthansa, Turkish Airlines, United, Air China, EgyptAir, Singapore Airlines, South African Airways ndi ena. Tanthauzo lake n'lakuti nambala yanu ya ShebaMiles imagwira ntchito ngakhale mutakwera Lufthansa kuchokera ku Frankfurt kupita ku Oslo, ndipo mamailosi a ShebaMiles atha kugulira tikiti ya Turkish Airlines.

Palinso mfundo imene imapangitsa ShebaMiles kukhala yoyandikira kwambiri kwa ife. Air Malawi itathetsedwa mu 2013, boma linakhazikitsa kampani yatsopano mogwirizana ndi Ethiopian: boma linatenga magawo 51 pa 100, Ethiopian 49. Ndege zake zinayamba kuuluka kumayambiriro kwa 2014, ndipo lero timaitcha Malawi Airlines. Kampaniyi imagwiritsa ntchito ShebaMiles. Choncho ulendo wa ku Johannesburg, Dar es Salaam, Lusaka, Harare kapena Nairobi pa Malawi Airlines umalowa m'thumba limodzimodzi ndi ulendo wa ku China pa Ethiopian. Koma apa pali msampha. Malawi Airlines payokha si membala wa Star Alliance. Wina amene anaphunzira ku Germany n'kutsegula Miles & More ya Lufthansa asaganize kuti nambala yakeyo idzalandira mamailosi akakwera ndege yathu kupita ku Johannesburg, chifukwa chakuti Ethiopian ili ndi magawo m'kampaniyo. Kukhala ndi magawo ndi nkhani ina, kukhala mu mgwirizano ndi inanso.

Kenya Airways imalumikiza Lilongwe ndi Nairobi, ndipo ili mu mgwirizano wina, wa SkyTeam, pamodzi ndi KLM, Air France, Delta, Korean Air ndi Saudia. Kwa zaka zambiri inalibe ndondomeko yakeyake. Okwera ake ankalembetsa ku Flying Blue. Mu 2023 inayambitsa Asante Rewards. Amene anali kale ndi Flying Blue sanataye kanthu, chifukwa Kenya Airways ikadali mu SkyTeam ndipo nambala ya Flying Blue imalandirabe mamailosi pa ndege zake. Ndiye wokwera Kenya Airways ali ndi zisankho ziwiri. Ngati maulendo anu amathera ku Nairobi, Mombasa kapena Entebbe, monga momwe zimakhalira ndi ambiri ogwira ntchito m'mabungwe amene malikulu awo ali ku Nairobi, Asante ndi yoyenera. Ngati Nairobi ndi podutsa chabe ndipo kumene mukupita ndi Amsterdam, Paris kapena Glasgow pa KLM, Flying Blue imakuthandizani kwambiri, popeza gawo lalitali la ulendowo lili pa ndege za eni ake.

Airlink inayamba kubwera ku Lilongwe ndi Blantyre kuchokera ku Johannesburg mu 2023, chaka chomwe inakhazikitsanso Skybucks. Sili mu mgwirizano uliwonse mwa atatu akuluakulu, Star Alliance, SkyTeam ndi oneworld, koma ili ndi maubale ndi makampani angapo akutali, ndipo mu 2024 Qatar Airways inagula magawo 25 pa 100 a kampaniyi. Kwa amene amapita ku South Africa pafupipafupi, makamaka opitirira ku Cape Town, Durban, Gqeberha kapena Bloemfontein, Skybucks ndi yofunika kuiganizira. Kwa amene amapita ku Joni kamodzi pachaka, kaya pa Airlink kaya pa Malawi Airlines malinga ndi imene yatchipa, palibe ndondomeko imene idzamupindulire kwenikweni, ndipo ndibwererako pa mfundoyi.

Nanga Emirates ndi Qatar, zimene anthu amakonda kuzitchula? Ndondomeko zawo ndi zabwino, sindikana. Qatar ili mu oneworld kuyambira 2013, ndipo kuyambira 2022 imagwiritsa ntchito mamailosi otchedwa Avios, amene British Airways nayo imagwiritsa ntchito. Emirates sili mu mgwirizano uliwonse. Koma ndege zawo sizitera ku Malawi. Kuti muzikwere muyenera kukafika kaye ku Lusaka, Dar es Salaam, Nairobi kapena Johannesburg. Kulembetsa ku Skywards pamene ndege zonse zimene mumakwera ndi za Ethiopian ndi kungodzaza foni ndi app yopanda ntchito.

Ife a kumpoto tili ndi khomo lina limene a ku Blantyre saliganizira. Amalonda ambiri a pa msika wa Taifa amadutsa ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kukafika ku Mbeya, ndipo ena amakwera ndege pabwalo la Songwe kupita ku Dar es Salaam m'malo mogona m'basi. Amene amachita zimenezi mwezi ndi mwezi ayang'ane Twiga Miles ya Air Tanzania. Iyi ndi nkhani ya anthu ochepa, koma kwa iwo ndi yaphindu kuposa ShebaMiles.

Tiwerengere pang'ono, chifukwa apa ndi pamene maloto a tikiti yaulere amakumana ndi masamu. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Johannesburg ndi mamailosi pafupifupi 900. Ku Nairobi ndi chimodzimodzi. Ku Addis Ababa ndi pafupifupi 1,600, ndipo kuchokera ku Addis Ababa kufika ku Guangzhou ndi pafupifupi 5,000. Wamalonda wopita ku Guangzhou ndi kubwerera amayenda mamailosi oposa 13,000. Kwa zaka zambiri ShebaMiles yakhala ikufuna mamailosi a mlingo 25,000 m'chaka kuti mufike pa Silver, ndi 50,000 pa Gold, ngakhale palinso njira yowerengera kuchuluka kwa ndege zimene mwakwera. Ndiye wamalonda uja, ngati tikiti yake ili yopereka mamailosi onse, amafika pa Silver ndi maulendo awiri, pa Gold ndi anayi. Ngati amagula zotchipa zopereka theka, maulendowo amawirikiza kawiri. Pamene namwino wa pa Mzuzu Central amene wapita ku msonkhano ku Johannesburg wabwera ndi mamailosi osafika 2,000. Pa liwiro limenelo, mamailosi oyamba adzatha nthawi yake tikiti yaulere isanaonekere n'komwe.

N'chifukwa chake ndimaona kuti anthu a muno ali m'magulu atatu, ndipo yankho la gulu lililonse ndi losiyana.

Gulu loyamba ndi la oyenda mwa apo ndi apo: mayi wopita kukaona mdzukulu ku Pretoria, wophunzira wa ku Mzuni amene wapeza mwayi wa sukulu kunja, m'busa wopita ku msonkhano wa mpingo. Lembetsani ndithu, popeza n'kwaulere, koma musasinthe kalikonse pa ulendo wanu chifukwa cha mamailosi. Gulani tikiti yotchipa imene ikukufikitsani nthawi yabwino. Kuwonjezera madola 80 kuti mukwere kampani "yanu" pofuna mamailosi amene phindu lake silifika madola 20 ndi kutaya ndalama, makamaka masiku ano pamene dola ikusowa chonchi. Chimene gulu limeneli liyenera kuyang'ana ndi nthawi imene mamailosi amatha. A Skywards amatha pakadutsa zaka pafupifupi 3. A Miles & More amatha pakadutsa miyezi 36. A Flying Blue amatha mukakhala miyezi 24 osachita chilichonse chowatalikitsira moyo. A United MileagePlus satha kuyambira mu 2019, ndipo popeza United ili mu Star Alliance, munthu atha kuikamo maulendo ake a Ethiopian. Kwa woyenda kamodzi pa zaka ziwiri ulendo wautali, imeneyo si nzeru yoipa, bola akumbukire kuti maulendo a Malawi Airlines sadzalowamo.

Gulu lachiwiri ndi la oyenda pa ntchito: aphunzitsi a ku yunivesite, madokotala, ogwira ntchito m'mabungwe, ansembe, ogulitsa khofi wa Mzuzu kunja. Tikiti amagula ndi ofesi, ndipo nthawi zambiri simusankha nokha kampani. Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti mamailosi amapita kwa amene wakhala pampando, osati amene walipira. Mabungwe ena ali ndi malamulo awoawo pa zimenezi, ndiye funsani ku ofesi, koma kampani ya ndege imalemba pa dzina la wokwera. Tengani matikiti anu a zaka ziwiri zapitazi, muone kuti ndi zilembo ziti zimene zikubwera kawirikawiri kutsogolo kwa nambala ya ndege: ET ndi Ethiopian, 3W ndi Malawi Airlines, KQ ndi Kenya Airways, 4Z ndi Airlink. Zimene zachuluka ndiye yankho lanu. Kwa ambiri muno zidzakhala ET ndi 3W. Kenako perekani nambala yanu kwa amene amakonza maulendo ku ofesi, kuti aziilowetsa pa tikiti iliyonse. N'zololedwa kukhala ndi ndondomeko imodzi mu Star Alliance ndi ina mu SkyTeam, kuti ulendo uliwonse ukhale ndi kolowa. Choipa ndi kutsegula ziwiri kapena zitatu mu mgwirizano umodzi, lero ShebaMiles, mawa Voyager, mkucha Miles&Smiles ya Turkish, chifukwa ulendo umodzi umalowa m'ndondomeko imodzi yokha, ndipo mamailosi a ndondomeko zosiyana saphatikizidwa.

Gulu lachitatu ndi la amalonda opita ku China, Dubai kapena India kangapo pachaka. Awa ndi amene ndondomekozi zimawapindulira zenizeni, ndipo phindu lalikulu si tikiti yaulere ayi. Ndi katundu. Ethiopian imalola masutikesi awiri a makilo 23 lililonse pa maulendo ambiri akunja kwa wokhala kumbuyo. Wofika pa Gold ya ShebaMiles, imene ndi mlingo wa Star Alliance Gold, amaloledwa sutikesi ina yowonjezera, kapena makilo 20 kumene amawerengera kulemera, pa ndege za mgwirizano wonse. Aliyense amene walipirapo katundu wopitirira pa kauntala ku Guangzhou akudziwa kuti sutikesi imodzi yaulere pa ulendo uliwonse, chaka chonse, ndi ndalama zooneka. Pamwamba pake amakhala ndi mzere wakewake popereka katundu, amalowa m'ndege poyamba pamene malo oika zikwama akadalipo, ndipo amaloledwa mu lounge, momwe muli chakudya, intaneti ndi pokhala pabwino. Amene anadikirapo maola ambiri pabwalo la Bole ku Addis Ababa atayenda kale usiku wonse m'basi yochokera ku Mzuzu sangazipeputse zimenezi. Ndege ikalephereka, a mlingo wapamwamba ndi amenenso amayamba kupezeredwa malo pa ina. Silver ya mgwirizano wonse ili ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi Gold, ngakhale kampani yanu imatha kukuwonjezerani zina pa ndege zake zokha.

Kwa gulu limeneli lokha ndi pamene ndingavomereze kulipira mowonjezera pang'ono kuti mukhale pa kampani imodzi, kapena kugula chilembo chopereka mamailosi onse. Ndipo ngakhale apo, werengerani kaye.

Za tikiti yaulereyo, tiyeni tinene zoona. Si yaulere. Mamailosi amalipira mtengo wa mpando, koma misonkho ya mabwalo a ndege, ndipo kwa makampani ena ndalama yowonjezera ya mafuta, mumalipira ndi ndalama zenizeni. Pa ulendo waufupi zimenezi zimatha kukhala gawo lalikulu la mtengo wonse. Mukagula pa intaneti zimafuna khadi yolipira m'ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa malire amene mabanki athu amaika pa makhadi otere. Komanso mipando yogulidwa ndi mamailosi imakhala yochepa pa ndege iliyonse. Mu December, pamene a ku Joni akubwera kumudzi ndipo ana a sukulu akubwerera, musayembekezere kuipeza sabata imodzi ulendo usanachitike. Nthawi zambiri mamailosi amapindula kwambiri mukawagwiritsa ntchito kukwezera mpando pa ulendo wautali wausiku, mwachitsanzo kulowa mu Cloud Nine, mipando yakutsogolo ya Ethiopian, kusiyana ndi kugulira ulendo wa maola awiri.

Musawasunge nthawi yaitali. Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimene zimachitikira ndalama yosungidwa pansi pa matilesi: mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mamailosi nawo ndi ndalama imene mwini wake ndi kampani, ndipo kampaniyo itha kulengeza mawa kuti ulendo umene unkafuna 30,000 tsopano ukufuna 40,000, popanda wopita naye kukhoti. Itha kusiyanso kubwera kwanuko. South African Airways inalowa m'mavuto a zachuma mu December 2019, ndege zake zinaima kwa nthawi yaitali mpaka September 2021, ndipo itabwereranso ku Malawi inasiyanso kumapeto kwa 2023. Amene anaunjika mamailosi a Voyager poganiza za ulendo wa Lilongwe ndi Johannesburg anatsala ndi chuma chovuta kudya. Posankha ndondomeko, funsaninso kuti kampaniyi yakhala ikutera ku Lumbadzi mosadukiza kwa zaka zingati.

Mabanja ali ndi mwayi wina m'ndondomeko zina. Skywards, Flying Blue ndi Privilege Club zimalola a banja limodzi kuphatikiza mamailosi awo, kotero kuti a bambo, a mayi ndi a ana amakwanira tikiti imodzi. Ngati mumayenda ngati banja, funsani ngati ndondomeko imene mukufunayo ili ndi zotere, ndiponso ngati ana amaloledwa kulembetsa.

Kulembetsa kwake kumatenga mphindi zochepa pa foni, ndipo simufunika kupita ku Lilongwe. Lembani dzina monga momwe lilili m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ngati pasipoti ikunena mayina atatu, musasiye lapakati. Ngati munakwatiwa koma pasipoti ikadali ndi dzina la kwanu, lembani la m'pasipotilo, apo ayi kompyuta imakana kulumikiza tikiti ndi nambala. Gwiritsani ntchito imelo yanuyanu, osati ya ku ntchito imene idzatsekedwe mukasiya. Nambala yachinsinsi musapatse aliyense, ngakhale ejenti. Iye amangofunika nambala ya umembala basi. Mamailosi amabedwa, ndipo kugula kapena kugulitsa mamailosi kwa anthu a pa WhatsApp n'koletsedwa m'malamulo a pafupifupi ndondomeko zonse. Akakugwirani amatseka akaunti n'kufafaniza tikiti imene yagulidwa mwanjira imeneyo, nthawi zina muli kale pabwalo la ndege.

Pofika pa kauntala ku Lumbadzi, yang'anani ngati nambala yanu yasindikizidwa pa boarding pass. Ngati palibe, pemphani kuti ailowetse pomwepo. Kapepalako musakataye mukatsika. Kajambuleni ndi foni pamodzi ndi risiti ya tikiti. Mamailosi akapanda kulowa pakatha milungu iwiri kapena itatu, mutha kuwapempha pa webusayiti ya kampaniyo, koma pali malire a nthawi, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi 12, ndipo chimene adzakufunseni ndi nambala ya tikiti ya manambala 13 imene ili pa risitiyo.